Chigongono cha Chitsulo

Mutu 7

1. Galu wa m'khola

Chibwerereni ku Croydon, ku London, kuchokera ku Chinamwali, ku Zomba, Chiye anali ataona zodabwitsa zambiri. Anaona sitima yoyenda mumsewu pamodzi ndi magalimoto, imene eni ake amati tiramu. Anaona dzuwa likulowa ana angoweruka kumene kusukulu. Koma zimene anaona Loweruka lina la mu Novembala 2008, m'nyumba mwa a Crispin Daka, zinamusiya kukamwa kuli yasa.

A Crispin anali bambo wachikulire wa ku Chipata, ku Zambia. Ankakhala m'fulati yapansi, pomwe Chiye ndi amalume ake, a Paterson, ankakhala yapamwamba. A Crispin maso awo anafa ndi matenda a shuga. Kwa zaka zambiri amene ankawatsogolera kusitolo, kutchalitchi ndi kokwerera basi anali Hugo, galu wamkulu wakuda wophunzitsidwa ntchito imeneyo.

Tsopano Hugo anali atapuma pantchito, chifukwa mwendo wake wakutsogolo wakumanja unkamupweteka mpaka kulephera kuponda. Anthu anawalangiza a Crispin kuti amupereke kwa ena, koma iwo anakanitsitsa. Ankati munthu sataya mnzake chifukwa choti wayamba kutsimphina.

Tsiku limenelo Chiye anapeza Hugo atagona pamatiresi m'kakhola ka mawaya, pabalaza penipeni. Mwendo wodwalawo unali wometedwa mpaka paphewa. Pakhungu loyera mbee panali chipsera chachitali chofiirira.

"Mayo ine! Ankolo, Hugo wagundidwa ndi galimoto?" anafunsa Chiye atagwira pakamwa.

"Iyayi, mwana wanga, ni opaleshoni," anayankha a Crispin. "Anamuchotsa chigongono chakudala, amuikira cha chitsulo. Mabandeji achotsa dzulo."

Chiye anaseka, poganiza kuti akumupusitsa. Koma amalume ake, amene anaperekeza a Crispin kuchipatala cha ziweto, anatulutsa chithunzi cha mafupa n'kuchiyang'anitsa kuwindo. Pakati pa mafupa otuwawo panali chinthu choyera, chowala, chosemedwa bwino.

"Mafupa apa anadyeka, ankangokhulana okhaokha," anatero a Paterson akuloza ndi chala. "Ndiye adokotala anadula podyekapo n'kuikapo chitsulo ndi pulasitiki. Chimapinda n'kuwongoka ngati mahinjesi a chitseko."

"Galu? Galu weniweni ameneyu?" Chiye anayang'ana chithunzi, anayang'ana Hugo, n'kuyang'ananso chithunzi. "Amalume, agogo kumudzi akuyendera ndodo chifukwa cha mawondo, ndiye kuno galu akumuika chitsulo?"

"Kuno ndi kuno, kwathu ndi kwathu," anatero a Paterson. "Tseka pakamwapo, mungalowe ntchentche."

2. Manja otchuka

Pano tiyenera kunena chilungamo za Chiye. Mtsikanayu sanali wankhanza, ndipo Hugo ankamukonda ndi mtima wonse. Vuto lake linali limodzi: ankadzimva kuti ali ndi manja.

Ku Chinamwali ankasewera mpira wamanja, ndipo aliyense wobinya chala ankathamangira kwa iye. Chiye ankachigwira chalacho, n'kumuuza mwini wake kuti ayang'ane kumbali, kenako n'kuchikoka kamodzi kokha mpaka chilire kuti thyo! Wina akabinya bondo kapena kakolo, ankamuthowa ndi madzi otentha ndi kansalu, n'kumuwongola mwendo uku mnzakeyo akukuwa. Ambiri ankachira, mwina chifukwa cha manjawo, mwina chifukwa choti akanachirabe. Atsikana a timu yonse ankamutcha Adokotala, ndipo iye dzinalo linkamukomera kuposa lake lenileni.

Ku London kunalibe amene ankadziwa zimenezi. Tsiku lina kusukulu mnzake atabinya chala, Chiye anathamanga kuti akachikoke, koma mphunzitsi anakuwa ngati waona njoka. Anamukankhira pambali n'kuika kathumba ka madzi oundana pachalapo. Anzake anamuseka, ndipo nkhaniyo inamukhala pamtima mpaka tsiku limene tikunenali.

3. Mawu a Crispin

Loweruka limenelo a Crispin ndi a Paterson ankapita ku Barking kukapepesa maliro a mayi wina wa ku Lusaka. Ulendowo unali wautali, wosinthasintha masitima, ndipo Hugo sakanatsala yekha. Anapempha Chiye kuti akhale naye mpaka madzulo.

Asananyamuke, a Crispin anakhala pampando, ndodo yawo yoyera ili pamiyendo.

"Khala pansi, mwana wanga, unimvere bwino," anayamba motero. "Ine sinipenya, koma vonse vamene anakamba dokotala nili navo m'mutu. Chitsulo chija chikalibe kugwirana na fupa. Fupa ifunika imere pang'onopang'ono, ichigwire, monga mwamene imaumira simenti. Ukaponda simenti ikalibe kuuma, waononga ntchito yonse. Manje Hugo asathamange, asajumphe, asakwere pa sofa olo pa masitepe. Akafuna kutaya madzi, umumange chingwe chifupi, mupite pa kapinga kuseri uko, mubwere. Basi."

"Ndamva, ankolo."

"Sin'natsirize. Uzaona kuti mwendo uja siupinda monga unzake. Usadabwe. Dokotala anakamba kuti chigongono cha chitsulo sichifika pamene chifika chobadwa nacho, ndipo kapena sichizafikapo mpaka kalekale. Ise sitinafune kuti Hugo azivina, iyayi. Tinafuna chabe kuti aziponda kopanda kumvera kuwawa. Vopinda na kuwongola kuli munthu wake kuchipatala wamene anaphunzira, ndipo naye amachita pang'ono chabe. Iwe usagwireko. Olo akuyang'ane na maso ya chisoni, usagwireko. Galu uyu ananiwolotsa misewu ya London zaka zonse izi, motoka siinanikhudzepo olo kamodzi. Manje ni nthawi yanga yomusunga, ndipo lero namuika m'manja mwako."

A Paterson, akumanga mabatani a jekete, anawonjezapo awo.

"Wamvatu iwe? Ndimakudziwa, manja akowo amayabwa. Kuno zinthu zili ndi eni ake, ndipo ukapanda kumvetsa umafunsa. Safunsa anadya phula. Chikachitika chilichonse, foni yanga ili on, undiimbire."

"Ndamva, amalume," anatero Chiye. Pakamwa pankayankha, koma maso anali pamwendo wometedwa uja.

4. Ketulo ndi thawulo

Poyamba zonse zinayenda bwino. Chiye analemba ntchito ya kusukulu, Hugo akuwodzera. Dzuwa litapendeka, galuyo anadzuka n'kuyamba kulira chapansipansi, ndipo Chiye anamumanga chingwe chachifupi n'kutuluka naye kuseri monga anamuuzira.

Pakapinga paja ndi pamene anauonetsetsa mwendowo. Hugo ankaponda ndithu, koma phazi lakumanja linkatera pafupi kusiyana ndi linzake. Poliponya kutsogolo ankalizunguliza kunja pang'ono, m'malo molinyamula mowongoka. Atabwerera m'khola muja n'kugona, mwendo wakumanzere unapindika bwinobwino pansi pa chifuwa, koma wakumanja unatsala panja uli tantha.

"Aaa, Hugo, mwendowu ukuumatu uwu," anatero Chiye akupukusa mutu. "Akakusiya chonchi upunduka. Azungu amadziwa kudula ndi kusoka, koma kuthowa sakudziwa."

Hugo anagwedeza mchira. Galu amagwedeza mchira ngakhale ukumuuza zopusa, koma Chiye anayesa kuti wavomera.

Anapita kukhitchini, anatereka ketulo, natenga beseni, thawulo ndi mafuta odzola. Anatsegula kakhola kaja n'kumutulutsa Hugo, kumugoneka chammbali pakapeti. Ankaona kale a Crispin akubwera madzulo, akupapasa mwendo wopinda bwino, akufunsa kuti wachita zimenezi ndani.

Ananyika thawulo m'madzi otentha, analifinya, n'kuliika pachigongono. Hugo anadzidzimuka pang'ono, kenako anatsinzina. Kutenthako kunkamukomera. Chiye anathowa, anadzoza mafuta, anathowanso, uku akuimba kanyimbo chamumtima.

Kenako anagwira phazi n'kuyamba kuupinda mwendowo. Unapinda mpaka pakatikati, n'kuima. Anakankha pang'ono. Unakana. Hugo anatsegula maso n'kuyesa kuubweza.

"Limba mtima, mnyamata," anatero Chiye. "Kamodzi kokha basi. Yang'ana uko."

Anatsamiza bondo lake paphewa la galuyo. Anagwira mwendo ndi manja awiri, napuma mpweya wambiri, n'kukoka mopotokola monga ankachitira ndi zala za anzake.

Sikunamveke thyo. Kunamveka khwe, ngati nthambi yaiwisi ikukhadzuka.

Hugo anakuwa. Chiye anali asanamvepo galu akulira choncho, kulira kokhala ngati kwa munthu. Anadzigwetsa uku ndi uku, anagubuduza beseni, madzi n'kumwazika pakapeti ponse. Galu wofatsa uja, amene ana a m'basi ankamukoka makutu iye osadandaula, anamuonetsa Chiye mano. Sanamulume. Anangokwawa ndi miyendo itatu kukabisala kuseri kwa mpando wa a Crispin, mwendo wachinayi ukulendewera, phazi litaloza kunja.

Chiye anangoti kakasi, manja ali lende, mafuta akunyezimira m'zala.

5. Bodza

Chinthu choyamba chimene mtsikanayu anachita n'chochititsa manyazi, koma tichinena. Sanathamangire foni. Anathamangira beseni. Analitsuka, anabisa thawulo m'makina ochapira, anapukuta kapeti, n'kusamba m'manja ndi sopo kawiri konse. Atatha zonsezo ndi pamene anaimbira amalume ake.

"Amalume, bwerani msanga! Hugo wavulala!"

"Wavulala bwanji? What happened?"

"Anatuluka m'khola muja. Chitseko chinali chosatseka bwino. Ine ndinali kukhitchini, ndiye anakwera pa sofa n'kudumpha."

Mawuwo anatuluka okha, osalala ngati anawakonzekera. Kumbali inayo kunamveka a Crispin akufunsa kuti ni chani, ni chani, kenako foni inaduka.

Anthu awiriwo anasiya maliro ali mkati. Atafika, a Crispin anaponya ndodo pansi n'kugwada, akupapasa kapeti mpaka anapeza mutu wa galu wawo. Hugo anawanyambita dzanja uku akubuula. Zala za bamboyo zinatsika pang'onopang'ono kuchokera paphewa, ndipo zitafika pachigongono zinaima.

"Mulungu wanga," ananong'ona. "Ba Paterson, itanani taxi. Ichi chinthu sichili pamalo pake."

Anamunyamulira pabulangete, a Paterson kumutu, Chiye kumiyendo. Njira yonse a Crispin ankangoti, "Pepa, mnzanga, pepa."

6. Chithunzi chachiwiri

Kuchipatala cha ziweto anamulandira Hugo mwachangu n'kulowa naye mkati. Anthu atatuwo anadikira pabenchi nthawi yaitali. Kenako dokotala amene anachita opaleshoni ija, mayi wamtali wa magalasi, anawaitanira m'chipinda. Anapachika chithunzi chatsopano pagalasi lowala.

Chiye sanafunikire womufotokozera. Chinthu choyera chija, chimene m'mawa chinali pakati pa mafupa mwaudongo, tsopano chinali chitapendekera kumbali. Pansi pake panadutsa mzere wakuda wopyapyala.

Dokotalayo anayankhula m'Chingerezi, mosathamanga, kuti a Crispin amve chilichonse. Anati chigongono chaguluka, ndipo fupa limene linkayenera kuchigwira lathetheka. Anati mwendowo unkachira bwino kwambiri, moti masiku apitawo iye anasangalala ataona mmene Hugo ankapondera. Kenako anavula magalasi.

"Ndikufuna kudziwa chimene chachitika," anatero. "Sikuti ndikufuna woti ndimukalipire. Ndikadziwa mmene mwendowu wavulalira, ndidziwa za mitsempha yogwira chigongono, ngati yatsala yolimba kapena yaduka. Zimenezo sizioneka bwino pachithunzi."

A Paterson anayang'ana Chiye. Iye anabwereza nkhani yake ija ya chitseko ndi sofa, maso ali pansi. Dokotalayo anayang'ananso chithunzi, nkhope itakwinyika.

Amene anayankhula anali a Crispin.

"Ni ine," anatero. "Ni ine n'natseka chija chitseko tikalibe kuchoka. N'namvera monga chagwira, kansi sichinagwire. Munthu wopenya sembe anaona. Ba Paterson, ananiuza anthu kuti iwe Crispin siungakwanitse kusunga galu wodwala, mupatse ena. N'nakana. N'nachita makani. Onani manje vamene namuchita mnzanga."

Misozi inatsika m'maso osaona aja n'kulowa m'ndevu zaimvi. Bambo wamkulu, amene Chiye anali asanamuonepo akudandaula za khungu lake, ankadzimenya pachifuwa pamaso pa anthu.

"Akachira, nizamupereka," anapitiriza. "Siniyenera kukhala naye."

Apa Chiye zinamukanika. Bodza lija analikonza kuti limuteteze iye, sanadziwe kuti likagwera munthu wina.

"Ankolo, si inu!" anakuwa. "Chitseko munatseka bwinobwino. Ndinatsegula ndine. Ndinamuthowa ndi madzi otentha, ndiye mwendo umakana kupinda, ndiye ndinaukoka. Ndinaukoka mopotokola. Sanadumphe pa sofa. Ndanama."

A Paterson anagwira m'mutu ndi manja awiri.

"Unatani? Unamuthowa? Galu wa opaleshoni?" anafunsa. "Chiye, si iwe unati wamva? Tinakuuza tonse awiri, m'Chichewa chomveka bwino!"

Dokotala anafunsa kuti mtsikanayo wanena chiyani, ndipo a Paterson anamasulira mwamanyazi. Mayiyo anatutumula maso. Anamuuza Chiye kuti asonyeze pamkono wa amalume ake mmene anagwirira ndi kumene anapotokolera. Chiye anasonyeza, misozi ili mbwembwembwe.

"Zikomo pondiuza," anatero dokotalayo, ngakhale nkhope yake sinasonyeze kuthokoza. "Tsopano ndadziwa choti ndikayang'ane. Hugo agona konkuno ndi mankhwala opha ululu, ndipo mawa ndimutsegulanso. Mitsempha ndi fupa zikakhala zoti n'kugwirika, ndiyesa kukonza, koma mwendowo sudzapinda ngakhale pamene umafika lero. Zikakhala kuti zawonongeka kwambiri, pangatsale njira ziwiri. Ina ndi kulumikiza mafupawo kuti chigongono chisadzapindenso. Ina ndi kudula mwendo."

7. Pakhomo pa chipatala

Panja kunkawaza kamvula kozizira. A Paterson anapita kumsewu kukaimitsa galimoto, ndipo Chiye anatsala ndi a Crispin pakhonde. Chiyankhulireni Chiye m'chipinda muja, bamboyo anali asananene kanthu.

Chiye ankalakalaka atamukalipira, ngakhale kumumenya ndi ndodo yoyerayo. Kukhala chete kwawoko kunkamupweteka kuposa mbama.

"Ankolo, pepani," anatero. "Ndimafuna kumuthandiza."

"Niziwa," anayankha a Crispin osatembenuka. "Kukoka mwendo kuja unali umbuli, ndipo umbuli tonse tili nawo. Koma unaniona nilira, mwana iwe. Unayamba wanisiya n'nyamule mlandu wako, chifukwa unaziwa kuti sinipenya. Icho ndiye chaniwawa maningi."

Chiye anasendera pafupi n'kuwakhudza mkono kuti awatsogolere pamasitepe, koma iwo anauchotsa mkonowo mwaulemu. Anatambasula ndodo yawo, anagogoda sitepe yoyamba, n'kutsika okha.

Atafika pansi anaima, mvula ikuwagwera pachipewa.

"Mailo kuseniseni uvale, tizabwera tonse," anatero, kutanthauza mawa m'mamawa. "Ba Paterson azatsala panja. Akamutulutsa Hugo mu opaleshoni, ni iwe uzangena na ine. Uzamuyang'ana na maso yako, ndipo uzaniuza zoona, ngati miyendo ili inayi olo itatu."